Madamu Loyce, Wotsala ndi Ana

Lolemba la sabata yachiwiri ya Febuluwale, cha m'ma teni koloko, galimoto yoyera ya pulojekiti ya Mwana Alankhule inaima pa sukulu yathu ya kuseri kwa njanji, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Munatuluka anthu atatu kudzakhoma pepala limodzi. Woyamba anagwira pepalalo, wachiwiri anakhoma, wachitatu anajambula awiriwo akukhoma.

Pepalalo linkadziwitsa onse okhudzidwa kuti pulojekitiyi, itaona mmene aphunzitsi odzipereka akuvutikira, ilemba ntchito khumi ndi awiri mwa iwo m'chigawo chathu, iziwalipira mwezi ndi mwezi, ndipo pakatha chaka idzawatumiza ku koleji ya uphunzitsi. M'zilembo zikuluzikulu munali mawu akuti thukuta la mphunzitsi silidzapitanso pachabe. M'zilembo zing'onozing'ono, zofuna magalasi, munali zoyenera kukhala nazo: satifiketi ya Fomu 4, zaka zosafika 45 pofika kumapeto kwa Disembala, ndi masatifiketi atatu osonyeza kuti munthuyo anakhalapo pa mawekishopu. Tsiku lomaliza kulandira makalata linali 30 Juni.

Madamu Loyce Chidothi, amene kumudzi timawatchula kuti aNangozo, anawerenga pepalalo kawiri, choko chili m'manja. Ya Fomu 4 anali nayo, yosungidwa m'Baibulo kuyambira 1999. Zaka anali nazo 44, ndipo 45 ikanakwana mu Januwale wotsatira, kotero mwayiwu unali woyamba komanso womaliza. Masatifiketi a wekishopu analibe ndi imodzi yomwe, ngakhale kuti anali ataphunzitsa pa sukuluyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Kwa amene sadziwa, mphunzitsi wodzipereka ndi munthu amene amafika mmamawa ngati anzake, amameza fumbi la choko ngati anzake, koma dzina lake silipezeka m'buku lililonse lolemekezeka. Komiti ya sukulu imamuthokoza ndi chimanga mvula ikagwa bwino. Ikavuta, imamuthokoza ndi m'manja. A Loyce analowa ntchitoyi mu 2005 podikira yankho la ku koleji, kumene analemberako kanayi. Amuna awo, a Peter, okonza njinga pansi pa mlambe pa Mtakataka, amati yankholo lili m'njira, kungoti likubwera wapansi.

Chimene anatchuka nacho ndi kope lachikuto chakuda. Atangoyamba kuphunzitsa Sitandade 8 anaona kuti ana athu salephera Chingerezi chifukwa chosadziwa mawu ayi. Amalephera pamene Chichewa chili ndi khomo limodzi koma Chingerezi chili ndi makomo awiri oyandikana, mwana n'kulowa la kwa aneba. Ndiye anayamba kulemba mawuwo awiriawiri, tsamba lililonse banja limodzi, ndipo pofika chaka chino anali ndi mabanja oposa mazana awiri.

Tsiku la *borrow* ndi *lend* ankabwera ndi khasu m'kalasi.

"Ife timati ndabwereka khasu, timatinso ndibwerekeni khasu, mawu amodzimodzi," ankatero. "Mzungu sakhulupirira mnzake choncho. Mwini khasu amachita *lend*. Wopanda khasu uja, wogogoda anthu asanasukusule, amachita *borrow*. Nonsenu kwanu ndinu a *borrow*, ndikukudziwani. Veronika, bambo ako anabweza wilibala ya a Peter?"

Kalasi lonse linkafa ndi phwete, ndipo Veronika, amene tsopano ndi namwino, akuti mpaka lero sangalakwitse mawu amenewo ngakhale atamudzutsa kutulo.

Za *steal* ndi *rob* ankati *steal* imatsata mbuzi, *rob* imatsata mwini mbuzi. Mwana wina atalemba kuti *thieves stole my uncle*, anamuimika. "Amalume ako aja a mimba ija? Anawanyamula bwanji, pa kabaza? Nanga apolisi akawapeza adzabweza kwa ndani?" *Hear* ankati ndi sitima ikamadutsa pa njanji, umva ufune usafune. *Listen* ndi amayi ako akasiya kusinja kuti ndewu ya kwa aneba iwafike bwino. Panalinso *say* ndi *tell*, *look* ndi *see*, *wound* ndi *injury*, ndi nkhondo yosatha ya *come* ndi *go*, yomwe anavomera okha kuti sadzaipambana, popeza Mchewa akamachoka amati ndikubwera, ndipo palibe mayeso amene angamuletse.

Nanga munthu wotere anakhala bwanji wopanda satifiketi ya wekishopu? Yankho lake n'losavuta, ndipo palibe amene anachita dala. Kalata yoitana aphunzitsi ikafika, ahedi athu, a Ezekiele Mtambalika, amatsegula mndandanda wawo kuona kuti nthawi ino ndi ya ndani. Ndi munthu wachilungamo, sadumpha dzina. Kungoti pa mndandandawo pali okhawo olembedwa ntchito, pakuti ku wekishopu kuli alawansi, ndipo alawansi ndi chinthu chofuna munthu wozolowera ndalama. Tsono aphunzitsi akapita kukaphunzira kaphunzitsidwe, pamafunika wina wotsala ndi ana. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi wotsalayo anali a Loyce.

Katswiri wa mawekishopu pa sukulu yathu ndi a Jacob, aphunzitsi a masamu. Ali ndi masatifiketi makumi anayi ndi imodzi m'chikwama cha pulasitiki: ya kusamba m'manja, ya kusintha kwa nyengo, ya ufulu wa mwana, ya kuweta mbuzi pa sukulu, ndi ziwiri za kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta omwe sukulu ilibe, oyendera magetsi omwe sanafike. Ana a Sitandade 8 amawadziwa bwino ndithu a Jacob, amawaona akamadutsa pa njinga yamoto.

Tsiku lomwelo la pepala a Loyce anagogoda pa ofesi ya ahedi.

"Ahedi, ndabwera ndi pempho. Ndikufuna mawekishopu atatu isanafike Juni."

A Mtambalika anavula magalasi. "Atatu, Madamu? Pakamodzi? Anzanu amadikira teremu yonse kuti apeze imodzi."

"Ine ndadikira kuyambira 2005."

"Zoona, zoona. Koma taganizani, mukapita inuyo, ana atsala ndi ndani?"

"Ndi aphunzitsi awo, ahedi. Mwina n'kudziwana."

Ahedi anakhosomola, nayang'ana kudenga kumene kuli zisa za mavu. Kenaka anaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi onse, womwe unatenga maola atatu ana akusewera mpira panja. Anagwirizana kuti Madamu apite ku mawekishopu atatu otsatira, bola asazolowere.

A Jacob, omwe si munthu wanjiru, anawatengera pambali kuti awalangize ngati namwali.

"Madamu, wekishopu ili ndi malamulo atatu. Kusayina, kudya, kuwomba m'manja. Akafunsa ngati pali funso, palibe funso, anthu akufuna tiyi. Akakuikani m'gulu, musagwire cholembera, wogwira cholembera ndi amene amakaima kutsogolo. Mukasunga zimenezi mudzakalamba bwino."

Panali lamulo lachinayi, koma a Jacob sanalitchule, monga mmene munthu sauzira mlendo kuti kuno timapuma mpweya.

Wekishopu yoyamba inachitikira pa Golomoti mu Malichi, ndipo inali ya kusamba m'manja. A Loyce, mayi wa ana anayi, anaphunzira tsiku lonse kuti sopo amachita thovu. Anabwerako ndi satifiketi yamaluwa m'mbali. Yachiwiri inali ya kubzala mitengo, cha ku Mua, mu Epulo mvula itatha. Anajambula mtengo pa pepala lalikulu, naumata pakhoma, ndipo gulu lawo linayamikiridwa chifukwa cha mizu. A Peter anagula fulemu ziwiri pa msika, nati yachitatu agula akaiona ndi maso.

Yachitatu inali ya a Mwana Alankhule eni ake, ya masiku awiri, pa loji ina pa Mtakataka. Mutu wake unali kaphunzitsidwe ka mawu a Chingerezi. Tsiku analisankha mosamala: Lachinayi ndi Lachisanu, sabata yomaliza ana a Sitandade 8 asanalembe mayeso a boma mu Meyi. Anaitana aphunzitsi onse a Sitandade 8 m'chigawo, pamodzi ndi ahedi awo, kuti anawo apindule. Pa sukulu yathu ana makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi mmodzi anatsala ndi mlonda.

Lachinayi a Loyce anasunga malamulo onse. Anasayina, anadya, anawomba m'manja. Wophunzitsa anali bambo wa ku Lilongwe wa nsapato zosongoka, amene anafotokoza kuti mwana amaphunzira bwino mawu akawaona ndi kuwagwira, ndipo analimbikitsa aphunzitsi kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka kumudzi. Onse analemba zimenezi ngati uthenga watsopano. Cholembera chake chitauma, bamboyo anatembenuka n'kunena kuti, "*Can somebody borrow me a marker?*" A Jacob akuti anaona dzanja la Madamu likunyamuka lokha kuti akonze Chingerezicho, ndipo analigwira n'kulibwezera pa tebulo.

"Satifiketi, Madamu," ananong'ona. "Ganizani za satifiketi." Madamu anangomupatsa bamboyo cholembera chawo.

Madzulo ake, pobwerera, a Loyce anapeza ana ena akuwadikira pa mphambano ya kusukulu, makope ali m'manja. Sanamalize nawo *bring* ndi *take*, ndiponso *few* ndi *a few*, zomwe a Loyce amati sizilephera kubwera pa mayeso monga malungo salephera kubwera ndi mvula. Anawauza kuti mawa wani koloko onse akhale pansi pa mtengo wa msangu.

Anali ataiwerenga bwino ndondomeko ya Lachisanu. Mmawa munali maphunziro. Masana kunali nkhomaliro, mawu a mlendo wolemekezeka, mawu othokoza mlendo wolemekezeka, pemphero, ndi chithunzi cha gulu. Munthu wa nzeru za m'kalasi akaona ndondomeko yotere amaganiza kuti chofunika ndi cha mmawa. Apa ndi pamene zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zotsala ndi ana zinawapweteka. Mphunzitsi aliyense wozolowera amadziwa kuti ukhoza kugona maphunziro onse, ukhoza kupita kumsika kukagula usipa n'kubwerera, koma pa chithunzi sujomba. Ku Golomoti ndi ku Mua chithunzi anajambula nthawi ya tiyi, a Loyce n'kuimapo osadziwa kuti akuchita chinthu chachikulu kuposa zonse.

Ndiye Lachisanu anasayina mmawa, anakhala maphunziro onse, ndipo anzawo akupanga mzere wa mpunga ndi nkhuku iwo anakwera njinga. Anapalasa makilomita asanu ndi atatu dzuwa lili paliwombo, naphunzitsa mpaka folo koloko.

"Ukamabwera nacho kuno kwa ine, *bring*. Ukamachoka nacho, *take*. Mkamwini amachita *bring* shuga kwa apongozi. Akamuthamangitsa amachita *take* mphasa yake. Thokozani, ukuseka chiyani, zinachitika kwanu?"

Nthawi yomweyo ku loji mlendo wolemekezeka, amene anachedwa maola awiri, ankauza anthu kuti mphunzitsi weniweni amaika mwana patsogolo. Atatha anajambulitsa onse pa kapinga, aafupi kutsogolo, a Jacob atanyamula mbali imodzi ya nsalu yolembedwa dzina la pulojekiti.

Masatifiketi anafika patatha masabata awiri, mu envelopu yabulauni. Ahedi anaitana mayina mmodzimmodzi, anagwedeza envelopuyo, anasuzumiramo. Ya Madamu munalibe.

Zinadziwika kuti azungu othandiza pulojekitiyi anasiya kukhulupirira masiginecha, atapeza kwina kwake kuti anthu makumi atatu anasayina ndi dzanja limodzi. Tsopano amakhulupirira mitu. Chithunzi chikajambulidwa, kalaliki amalemba nambala pa mutu uliwonse, ndipo mutu uliwonse umabala satifiketi imodzi. Ndi njira yabwino kwambiri, yathetseratu chinyengo.

Pa 10 Juni a Loyce anavala chitenje chatsopano ndi juzi ya a Peter, nakwera minibasi ya ku Dedza boma. Msewu wa Khwekhwerere unawazunguza mutu monga umachitira ndi aliyense wa kuchigwa, ndipo anafika pamwamba akunjenjemera ndi chisanu. Ku ofesi ya pulojekiti anadikira pa benchi kuyambira naini mpaka leveni, chifukwa ogwira ntchito anali pa msonkhano wokonzekera msonkhano. Kenaka chitseko chinatseguka, ndipo amene anatuluka, wa tayi ndi makiyi a galimoto pa lamba, anali Happy, mwana amene anamuphunzitsa mu 2009.

"Madamu! Inu kuno? Lowani, lowani. Abweretsereni tiyi mayi angawa. Anthuni, awa ndi amene anandiphunzitsa Chingerezi chimene ndikudyera lerochi."

Anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa mpando wofewa. A Loyce anayala nkhani yawo, nayala ndi masatifiketi awiri aja pa tebulo. Happy anatsegula kompyuta, naonetsa chithunzi.

"Onani nokha, Madamu. Mitu makumi anayi ndi itatu. Wanu palibe."

"Mutu wanga unali ku sukulu, mwanawe. Koma dzina langa lili m'kaundula, masiku onse awiri."

"Lilimo, ndaliona. Koma kaundula ndi umboni wothandizira chabe. Umboni weniweni ndi chithunzi."

"Afunse a Jacob. Mufunse bambo wa nsapato uja, ndinamupatsa cholembera changa ndipo sanabweze."

"Sindikukana kuti munalipo, Madamu. Ine ndikudziwa, inu mukudziwa. Koma sisitemu sikudziwa."

"Ndiye uiuze."

Happy anaseka mwaulemu, ngati munthu amene wapemphedwa kuti akadzudzule mvula. Anafotokoza kuti chithunzicho chinapita kale ku Lilongwe, ndipo kuchoka ku Lilongwe chinawoloka nyanja zamchere, kotero kuwonjezera mutu tsopano kungaoneke ngati katangale. Kenaka nkhope yake inawala. Anati mu Ogasiti kuli wekishopu ina, ya utsogoleri, ndipo iye mwini aonetsetsa kuti Madamu aime kutsogolo, pakati penipeni.

"Makalata mukutseka pa 30 Juni."

"Eya, chaka chino. Koma gawo lachiwiri likubwera chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndili ndi zaka 45."

Happy anayang'ana kompyuta, anayang'ana tiyi, anakonza tayi. Chichewa chitamuthera anathawira ku Chingerezi, monga amachitira onse a m'maofesi zikafika povuta. "*I hear you, Madam. I really hear you.*"

"*Hear*," anatero a Loyce, akusonkhanitsa mapepala awo. "Wasankha loyenera. Sunandichititse manyazi."

Anawaperekeza mpaka pa geti, anawanyamulira chikwama, nawapempha kuti tsiku lina adzamubwereke kope lakuda lija, chifukwa pulojekiti ikufuna kulemba buku lothandiza aphunzitsi ndipo yapeza kale katswiri wa ku Lilongwe woti aikepo dzina. A Loyce anati aganizira.

Kalata yofunsira ntchito anaitumizabe, ndi masatifiketi awiri, ndi tsamba lathunthu lofotokoza kumene mutu wawo unali Lachisanu lija. A Peter anati Chingerezi cha m'kalatamo chinali choti munthu akhoza kulembedwa nacho ntchito ya unduna. Yankho linabwera mu Ogasiti, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wawo kuyankhidwa ndi ofesi. Linali la mizere itatu. Linawathokoza chifukwa cha chidwi chawo, linadandaula kuti sanakwanitse zofunika, ndipo linawalimbikitsa kuti azitenga nawo mbali pa maphunziro owonjezera luso.

Mu Seputembala sukulu itatsegulira, ahedi anawabwezera pa udindo wawo wakale, poti mgwirizano unali wa mawekishopu atatu basi. Sitandade 8 yatsopano ili ndi ana zana limodzi ndi anayi. A Loyce anayamba ndi tsamba loyamba, ndipo mu Januwale anakwanitsa zaka 45, Lachitatu, tsiku la *say* ndi *tell*.

Mwa malo khumi ndi awiri aja, pulojekiti inadzaza anayi, popeza odzipereka ena onse m'chigawo analibe masatifiketi okwanira. Izi zinadetsa nkhawa akuluakulu, ndipo anakonza wekishopu ya masiku atatu ku Salima yofufuza chifukwa chimene aphunzitsi odzipereka safika ku mawekishopu. Anaitana ahedi ndi aphunzitsi awiri olembedwa ntchito pa sukulu iliyonse.